Zitseko za Bambo Mawa

Kuseri kwa masitolo a zitsulo, pakati pa wodula makiyi ndi wokonza mawotchi, pali kathebulo kamene anthu amayamba kumva kulira kwake asanakaone. Kamalira ngati njuchi yolowa m'botolo. Mwini wake ndi mayi wamfupi, wa magalasi omangirira kachingwe, ndipo dzina lawo lenileni ngakhale ana awo amachita kuganiza kaye kuti alikumbuke. Aliyense amangoti Mayi Njuchi.

Ntchito yawo ndi yolemba mayina pa zitsulo. Mubweretse poto, loko, sipanala, njinga kapena chikho chimene timu yanu yapata, iwo akulemberani dzina loti wakuba akaliona mtima umuwawe. Cholembera chawo ndi kamakina ka magetsi kokula ngati tochi, kokhala ndi kamsomali kumutu kamene kamazungulira mwaliwiro loti diso silingaone. Kusukulu aphunzitsi ankawayamikira chinthu chimodzi chokha, kalembedwe, ndipo pa zina zonse ankangopukusa mitu. Atakula anapeza ganyu yosesa kwa mkulu wina wolemba pa zitsulo. Ankasesa maso ali pa manja a abwanawo, mpaka tsiku lina mkuluyo, maso atayamba kumuvuta, anawapatsa kamakinako ndi bokosi lake lomwe. Kuyambira pamenepo dzanja lawo silinanjenjemerepo pa chitsulo cha munthu.

M'bokosimo munali timitu tambirimbiri tosinthira. Tolembera ankatidziwa ngati zala zawo. Koma panali kena kake kamene sanakamvetse, kachipangizo ka phazi lathyathyathya, kokhala ndi kachitsulo kopotana m'kati. Anakaponya m'chitini cha mabatani n'kukaiwala.

Amuna awo anali kalipentala, ndipo osati kalipentala wamba. Zitseko zimene anapachika m'nyumba za anthu zimatsekeka ndi chala chimodzi mpaka lero. Koma kunyumba kwawo, ine ndikuuzeni, kunalibe chitseko ngakhale chimodzi chomvera munthu. Cha kukhitchini chinkafuna kuchimenya ndi phazi pansi kumanzere. Cha kuchipinda chogona unkachinyamula kaye m'mwamba ndi chogwirira, kenako n'kukoka. Cha pabalaza chinkafuna phewa, ndipo phewa lake la munthu wokhuta. Cha kubafa ndiye chinali ndi mkwiyo wakewake: mvula ikangoyamba chinkatupa n'kuluma felemu, moti potuluka unkafunika bondo ndi chigongono nthawi imodzi. Ana onse anakula akudziwa zimenezi osauzidwa. Alendo okha ndi amene ankakuwa ali m'kati.

Mayi Njuchi akadandaula, yankho linali limodzi. "Mawa, mayi. Ndi ntchito ya kanthawi kochepa imeneyo." Mawalo linakhala mawa mpaka ana anakwatira ndi kukwatiwa, ndipo anzawo a ku shedi yopalira matabwa anawapatsa dzina loti Bambo Mawa. Eni ake ankaliyankha mosangalala, pensulo ili pakhutu.

Mayi Njuchi ankatha kuitana kalipentala wina, koma ankadziwa amuna awo. Bambo Mawa akanalola kuti mlendo adye m'mbale yawo, agone pabedi pawo, koma osati akhudze thabwa la m'nyumba mwawo. Choncho mayiwo ankangomenya zitseko ngati wina aliyense, uku akulalata chapansipansi.

Sitiroko inawapeza bambowo ali ku shedi, akuyeza thabwa. Atatuluka m'chipatala, dzanja lamanja linali lende, mwendo wamanja ukukokedwa, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati akuwasolola m'matope. Komabe mtima anali nawo. Anaphunzira kuyenda ndi ndodo, kudya ndi lamanzere, ndipo ankakana kuti munthu awagwire mkono popita kubafa. Zinayenda choncho mpaka mvula inagwa.

Tsiku lina masana, mayi ali kuntchito, bambowo analowa kubafa n'kukankha chitseko ndi msana. Chinatsekeka bwinobwino. Kutseguka ndiye ayi. Bondo loti achimenye nalo linali lomwe lija lakufa, chigongono chimodzimodzi. Anakoka ndi dzanja limodzi mpaka anatsetsereka n'kukhala pansi ponyowa. Amene anawamva akugogoda anali mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wachisamba, yemwe anabwera kudzawaona. Anachimenya chitsekocho ndi phewa, n'kuwapeza apongozi ake aamuna ali pansi, chovala chilibe pathupi. Mtsikanayo anachita zaulemu ndithu, anayang'ana kumbali n'kuwafunditsa thawulo. Koma Bambo Mawa, atafika kuchipinda, sanatulukenso.

Anasiya kuyenda, anasiya kuyesa kulankhula. Chakudya chinkawapeza pabedi, madzi osamba m'beseni, ndipo zina zija m'chidebe chimene Mayi Njuchi ankatulutsa m'mawa uliwonse atakuta ndi nsanza. Pensulo ya pakhutu ija inagwera kuseri kwa bedi, ndipo sanaifunse. Mayiwo ankawaona akufota tsiku ndi tsiku, nkhope italoza kukhoma, ndipo zinkawapweteka kuposa tsiku la sitiroko lomwe.

Mwana wachisamba uja anabwera ndi maganizo ake atawakonza kale. Ndi munthu wabwino, koma ndi wa anthu aja amene akakukonda amafuna akunyamule.

"Amayi, tisanamizane," anatero atakhala pabalaza. "Nyumba ino yawakanika adadi. Kwathu kuli chipinda chopanda chitseko, tingoikapo katani. Tipeza munthu woti aziwasambitsa. Loweruka ndibwera ndi galimoto."

"Katani?" anafunsa mayi ake. "Munthu wapachika zitseko moyo wake wonse akagone kuseri kwa nsalu?"

"Nanga titani? Ndinabweretsa kalipentala, munaona nokha. Anamuponyera kapu."

Zinali zoona. Kapuyo inaphonya mmisiri wachilendoyo n'kuphwanyika pa chitseko chomwe anabwera kudzakonza. Mayi Njuchi ankadziwa kuti bambowo akangokwera galimoto imeneyo, sadzaimanso ndi miyendo yawo.

M'mawa mwake anatenga puleni ya amuna awo, chopalira matabwa chachikulu chija, n'kukayesa pa chitseko cha kachipinda kosungiramo katundu. Inawakana. Ikagwira inkaluma n'kuima, ikapanda kugwira inkangotsetsereka, ndipo mapewa anawawa tsiku lonse. Anafika kuntchito nkhope ili gwaa, n'kukhuthula chitini cha mabatani pofunafuna kamsomali kena. Kachipangizo kaja kanagwera pathebulo.

Wodula makiyi anasuzumira. "Kodi mumapalanso matabwa, mayi?"

"Matabwa ati?"

"Si puleni iyo? Kapuleni kakang'ono. Mumakamangirira kumutu kwa njuchi yanuyo, kachitsulo kopotanako ndi mpeni wake. Sikadya zambiri, kamangosenda pang'onopang'ono. Mlamu wanga amakonzera zitseko zotupa, osazichotsa n'komwe."

Mayi Njuchi anakatembenuza m'manja, n'kukayang'ana ngati m'bale amene wakhala naye nyumba imodzi osamudziwa. Tsiku limenelo anatseka msanga, ngakhale panali munthu wodikira ndi masupuni a paukwati.

Kunyumba anayambira pa chitseko cha kosungira katundu chomwe chija, poti chikaonongeka palibe angalire. Funso linali loti chikuluma pati. Anafuna choko, sanachipeze. Anatsegula kabati n'kuona chopaka mmilomo chawo chofiira, chimene sanachikhudze chidwalireni bambo. Anapaka m'mphepete mwa felemu, n'kutseka chitseko ndi phazi, n'kuchitsegula. Pamene chinkaluma panatsala chizindikiro chofiira, pamwamba chakungodya. Anaseka okha. Anavala magalasi, anamangirira kapuleni kaja, anakwera pampando n'kuyatsa.

Njuchi inalira mawu achilendo, okulirapo, ndipo utuchi wosalala unayamba kuwagwera pamphuno. Ankayendetsa kamakinako ndi manja awiri pamwamba pa chitseko, mtima ukudumpha ndi chimwemwe, mpaka anafika kumapeto. Pamenepo panamveka kuti thyo! Kachidutswa ka ngodya kanang'ambika n'kulendewera ngati dzino logwedera.

Anazimitsa. M'nyumba munali zii. Kenako kuchipinda chogona kunamveka ndodo ikumenya pansi. Gu! Gu! Gu!

Anathamangira komweko poganiza kuti bambo agwa. Anawapeza ali tsonga pabedi, koyamba chichitikireni za kubafa zija, maso ali psuu. Milomo inkagwedera koma mawu osatuluka. Ankaloza ndi ndodo kumene kunachokera phokosolo, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wamva mwana wake akumenyedwa kwa aneba.

"Ndikukonza zitseko, bambo," anatero Mayi Njuchi modekha. "Inu gonani."

Anatuluka n'kusiya chitseko cha chipindacho chili chotsegula. Ali m'kolido anaima, akupukuta utuchi pa magalasi, ndipo nzeru ina inawafikira. Munthu sukhala ndi kalipentala mpaka kumera imvi osatolako kanthu. Atangoona ngodya yong'ambikayo anali atakumbuka kale zimene ankamva bambowo akukalipira ophunzira awo, kuti pamwamba pa chitseko umayambira kungodya kulowa m'kati, sutulukira kunja. Ankadziwa tsopano. Koma anakoka mpando n'kuuika pa chitseko cha kubafa, pamalo oonekera bwino kuchokera pabedi. Chitseko chimenechi Bambo Mawa anachipanga ndi manja awo chaka chimene anamanga nyumbayo, ndi thabwa limene analisunga kuyambira ali mnyamata. Mayiwo sanapake chofiira chilichonse. Anangokwera, n'kuika kapuleni pakatikati, kuloza kungodya, dala, n'kuyatsa njuchi ija m'malere osakhudza thabwa.

Ndodo inamenya pansi. Iwo osacheuka. Inamenyanso. Iwo anayamba kuimba kanyimbo. Kenako anamva chimene ankachidikira: bedi kulira, phazi limodzi kuponda, linalo kukokedwa. Anapitiriza kuyang'ana kutsogolo, misozi ikusakanikirana ndi utuchi, mpaka nsonga ya ndodo inawagunda pa katumba.

"Tsi... tsika," anatero Bambo Mawa.

Anatsika. Bambowo anali atatsamira khoma, akupuma mwamphamvu, thukuta lili kamukamu. Anakweza ndodo n'kugogoda hinjesi ya pamwamba.

"Izi... kaye."

Mayi Njuchi anayang'anitsitsa. Masikuluwu a hinjesiyo anali atamasuka, chitseko chonse chitaweramira kutsogolo. Izi zokha sankazidziwa, ndipo akanapala thabwa labwinobwino pachabe. Anabweretsa mpando wina n'kuwakhazika amuna awo pakhomo pomwepo. Masikuluwu ena ankangozungulira osagwira. Bambowo analoza kukhitchini, nayesa ndi zala ngati akuyatsa moto. Machesi. Mayi anathyola timitengo ta machesi, anatinyika mu guluu n'kutilowetsa m'mabowo, ndipo masikuluwu anagwira ngati atsopano. Chitseko chinadzuka, koma m'mbali, cha pa loko, chinkalumabe.

Atatulutsa chopaka mmilomo chija, Bambo Mawa anawayang'ana, nayang'ana felemu, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera m'mwamba.

"Musandiseke," anatero mayiwo. "Choko chanu munabisa kuti? Mwinanso mumati mudzagula mawa."

Kunatuluka kaphokoso kammero kamene mayi anali atakaiwala. Kanali kuseka.

Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Mayi ankapaka, kutseka, kutsegula, ndipo bambo ankayendetsa chala chamanzere pa chofiiracho n'kuonetsa poyambira ndi polekezera. Anatumiza mayi kukasolola pensulo kuseri kwa bedi, nalemba kamzere kokhotakhota, koma pamalo pake penipeni. Anawachotsetsa kachitsulo ka loko kuti mpeni ungagunde. Kapuleni kankayenda m'mphepete mwa chitseko, phazi lake litagona bwino pathabwa, kakusenda kochepa ngati khungu la anyezi. Mayi akafulumira, ndodo inkagunda pansi kamodzi. Akapendeketsa dzanja, kawiri. Bambowo sankayang'ana n'komwe nthawi zina, ankangotseka maso n'kumvetsera, chifukwa thabwa likamadyedwa mosayenera limalira mwina.

Pena mayi anafuna kupitiriza kuti chitseko chilowe momasuka kwambiri. Ndodo inawatchinga.

"Basi. Chi... chilimwe."

Anamva. Mvula ikatha thabwa lidzauma n'kubwerera, ndipo ukalidya kwambiri lero, udzakhala ndi mpata woti mphepo ndi maso a anthu zizilowera. Anapukuta ndi sandipepa, napaka vanishi pamene anapalapo kuti chinyezi chisalowenso. Pa zimenezi bambo sanalole kuthandizidwa. Anagwira bulashi ndi lamanzere, napaka okha, vanishi wina akudontha pa thalauza.

Masiku otsatirawo kathebulo ka kuseri kwa masitolo kanali kotseka, ndipo wa masupuni uja anakalembetsa kwina. Njuchi inkalira kunyumba. Anakonza cha kukhitchini, cha kuchipinda, cha pabalaza, namata ndi guluu ngodya ya kosungira katundu ija, bambo akupukusa mutu nthawi yonse imene ankaimata. Kuti afike pa chitseko chilichonse ankayenera kuyenda, ndipo ankayenda. Mawu ankabwera ambiri akakwiya, choncho Mayi Njuchi ankaonetsetsa kuti tsiku lisadutse osalakwitsako kena kake.

Loweruka galimoto inaima panja. Mwana wachisamba anatsika ndi mkazi wake, atanyamula chikwama chopanda kanthu choti alongezemo zovala za bambo ake. Anafika pa chitseko cha pabalaza, ndipo monga anachitira kuyambira ali wamng'ono, anatembenuka chammbali, anapinda chogwirira n'kuponya phewa lonse. Chitseko chinatseguka ngati chikumuthawa. Mwamuna wamkulu, wa ndevu zake, anadutsa pabalaza ponse akuthamanga mosafuna, chikwama chili m'manja, n'kukagwera chafufumimba pa sofa.

Atadzutsa mutu anaona bambo ake atakhala pampando wawo wakale, atavala malaya oyera, pensulo ili pakhutu, akugwedezeka ndi phwete.

"Go... gogoda," anatero Bambo Mawa. "Pa... pakhomo pa anthu."

"Mwabweretsa kalipentala uti, amayi?" anafunsa mnyamatayo akudzitola. "Ndipo adadi alola bwanji?"

"Kalipentala wake ndi yemweyo wakhala apoyo," anayankha Mayi Njuchi. "Ine ndine waganyu chabe. Ndipo ndi bwana wovuta, usamuone kufatsaku."

Mpongozi uja anali ataima pakhomo, maso ali pansi. Chichitikireni za kubafa, iye ndi apongozi ake aamuna anali asanaonane, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa chifukwa chake. Bambo Mawa anagwira ndodo, anadzikoka n'kuimirira. Mwana wawo anathamangira kuti awagwire mkono, koma mayi ake anamukoka malaya kumbuyo.

Bambowo anayenda pang'onopang'ono, phazi limodzi kuponda, linalo kutsatira, mpaka pakhomo la kubafa. Anacheuka kuti aone ngati onse akuyang'ana, mpongozi yemwe. Anakoloweka ndodo pamkono, natambasula chala chimodzi chamanzere n'kukankha. Chitseko chinatseguka osalira. Analowa, natembenuka, nayang'ana akazi awo amene anali atawatsatira mpaka pakhomo mwachizolowezi, manja ali okonzeka kuwawakha.

"Mayi," anatero momveka bwino. "Pepani... Panja."

Anawatsekera chitseko pamaso. Loko inalira kuti kete.

Anthu atatu anaima m'kolido osapuma. Kunamveka madzi akutsika pampopi, kenako kutsekedwa. Kunamveka ndodo. Mayi Njuchi anagwira pakamwa, maso ali pa chogwirira. Chinapindika, ndipo chitseko chinatseguka mofewa ngati mmene chinatsekekera. Bambo Mawa anatuluka kumaso kuli konyowa, nayang'ana mpongozi wawo m'maso.

"Mwa... mwaswera bwanji, mayi?"

Mtsikanayo anagwada pomwepo, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. "Ndaswera bwino, bambo. Kaya inu?"

Chikwama chija chinabwerera chopanda kanthu mmene chinabwerera. Pokwera galimoto mwana wachisamba anali akusisitabe phewa, ndipo anapempha mayi ake kuti tsiku lina adzabwere ndi njuchi yawo, poti kwawo nakonso chitseko cha kukhitchini chayamba mwano. Bambo ake ndi amene anayankha ali pakhonde, nkhope ili phee.

"Mawa."

Lolemba Mayi Njuchi anatsegulanso kathebulo kawo. Wodula makiyi anaona kuti milomo yawo ndi yofiira, chinthu chimene anali asanachione kwa nthawi yaitali, koma anangoti mwadzuka bwanji. Kapuleni kaja sikanabwererenso m'chitini cha mabatani. Pa phazi lake pali dzina lolembedwa bwino ndi dzanja losanjenjemera, ndipo dzinalo ndi la amuna awo. Akawafunsa anzawo kuti pa moyo wawo wonse tsiku limene anasangalala kwambiri ndi liti, satchula la ukwati kapena la kubadwa kwa mwana. Amati ndi tsiku limene amuna awo anawatsekera chitseko pamaso.